Kodi Mwini Galu Ali ndi Mangawa kwa Galu Wake?

Pali galu wina amene nkhope yake imaseketsa aliyense womuona koyamba. Khungu lake ndi lalikulu kuposa thupi lake, kotero kuti limapindikapindika pamphumi, pakhosi ndi pamapewa ngati jekete la bambo litavalidwa ndi mwana. Makutu ake ndi aang'ono, maso ake ndi olowa mkati, ndipo lilime lake ndi lakuda. Dzina la mtundu wake ndi Shar-Pei. Simungakumane naye kawirikawiri m'misewu ya ku Maramba kapena ku Libuyu, koma ambiri a inu mwamuonapo pa zithunzi za pa foni, kumene anthu amatsatsa tiagalu ta mitundu yakunja. Mwina wina wa inu wanena kale mumtima mwake kuti, "Ndikadzayamba nchito, galu wotere ndidzamugula."

Kukhumba galu wooneka bwino si tchimo. Koma musanatulutse ndalama m'thumba, tiyeni tilingalire pamodzi funso ili: munthu akagula chamoyo ndi ndalama zake, kodi chimakhala chake monga momwe njinga kapena wailesi imakhalira yake? Kapena kugulako ndiko chiyambi cha mangawa amene adzalipira tsiku ndi tsiku kufikira chamoyocho chitafa? Tasankha Shar-Pei chifukwa ali ndi zinthu ziwiri zimene zimaonetsa funsoli poyera, ndizo makwinya ake ndi mtima wake wosakonda kulamulidwa. Koma zimene tikambirane pano zikhudza galu aliyense, ngakhale uja wofiira amene amagona pansi pa mtengo wa mango kunyumba kwanu.

Kumene Makwinya Anachokera

Kwawo kwa Shar-Pei ndi kumwera kwa dziko la China, m'chigawo cha Guangdong. M'chinenero cha kumeneko dzinalo litanthauza khungu lamchenga, chifukwa ubweya wake ndi waufupi ndi wokhakhala. Kwa zaka mazana ambiri anali galu wa alimi wamba. Ankalonda pakhomo ndi kuthandiza kusaka nyama, ndipo anthu ena ouma mtima ankamumenyanitsa ndi agalu anzake pobetcherana ndalama. Galu wa masiku amenewo anali wamiyendo yaitali ndi wa makwinya ochepa, pamphumi ndi pamapewa basi.

Pambuyo pa chaka cha 1949 boma latsopano la China silinafune kuti anthu aziweta agalu, ndipo mtundu umenewu unatsala pang'ono kutheratu. Mu 1973 munthu wina woweta agalu ku Hong Kong, dzina lake Matgo Law, analemba pempho m'magazini ya ku America kuti anthu athandize kuupulumutsa. Anthu anayankha, ndipo posapita nthawi galu wa alimi osauka anasanduka galu wa anthu olemera. Bungwe la American Kennel Club linamulemba m'kaundula wake wa mitundu ya agalu mu 1992.

Mtunduwo unapulumuka, koma vuto lina linabadwa. Ogula ankafuna kagalu ka makwinya ambiri, ndipo anali okonzeka kulipira ndalama zochuluka. Oweta nawonso, poona kumene kuli ndalama, anayamba kukweretsa agalu okhawo amene anali ndi makwinya ochuluka koposa. M'zaka zowerengeka nkhope ya galuyo inasintha, nikhala yotupa ndi yolemera monga tiiona pa zithunzi lero.

Mu 2011 akatswiri a pa yunivesite ya Uppsala ku Sweden, pamodzi ndi anzawo a ku America, anafalitsa zimene anapeza atafufuza agalu amenewa. Makwinya amabwera chifukwa thupi la galuyo limapanga mopyola muyeso chinthu china choterera chotchedwa hyaluronan, chimene chimadzaza m'khungu ndi kulikhuthalitsa. Anapezanso kuti chibadwa chomwecho chimene chimabweretsa makwinya chimagwirizana ndi matenda a kutentha thupi kobwerezabwereza. Galuyo amatentha thupi mwadzidzidzi kwa tsiku limodzi kapena awiri, mfundo za miyendo yakumbuyo zimatupa, ndipo mwa agalu ena impso zimawonongeka pang'onopang'ono mpaka imfa. Chotero anthu posankha maonekedwe anasankhanso matenda. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Koma taonani kuti m'nkhani iyi amene akondwera ndi kukoma ndi munthu, ndipo amene alumidwa ndi nyererezo ndi galu.

Nchito ya Tsiku ndi Tsiku

Kodi kusunga galu wotere kuno ku Livingstone kufuna zotani? Tiyambe ndi maso. Khungu lolemera la pamphumi limakankha zikope kuti zipindikire mkati, ndipo ubweya umakanda diso nthawi iliyonse galuyo akaphethira. Inu amene munagwedwapo ndi kachitsotso m'diso ndi mphepo ya mu Ogasiti, ganizirani kukhala nako usana ndi usiku popanda manja ochotsera. Galu wotere amatsinzina, amatuluka misozi ndi manthongo, ndipo akasiyidwa atha kuchita khungu. Chithandizo chake ndi opaleshoni kwa dokotala wa ziweto. Mu 2023 akatswiri a ku Royal Veterinary College ku London anapeza kuti pa chaka chimodzi chokha, pafupifupi Shar-Pei mmodzi mwa asanu alionse amene anawerengedwa anali ndi vuto limeneli.

Makutu ake ali ndi njira yopapatiza imene mphepo silowa bwino, chotero amatukusira ndi kununkha msanga ngati sayang'aniridwa mlungu uliwonse. M'makwinyamo mumasonkhana fumbi ndi chinyontho. Mukamusambitsa muyenera kupukuta khwinya lirilonse ndi nsalu youma, apo ayi khungu lidzanyeka ndi kuchita zilonda. Nkhupakupa ndi utitiri zimapeza pobisala pabwino m'menemo. M'dzinja, ntchentche zija zimene zimaikira mazira pa dothi lachinyezi zimabweretsa mphutsi m'khungu la tiagalu togona pansi, chotero pogona pake payenera kukhala pouma ndi posesedwa.

Ndiye pali dzuwa lathu. Mu Okutobala kutentha kwa m'chigwa cha Zambezi kumafika madigiri 35 ndi kupitirira. Galu satuluka thukuta thupi lonse ngati ife, amadziziziritsa mwa kupuma wefuwefu, ndipo galu wa milomo yokhuthala ndi mphuno yopanikizika amavutika koposa. Afunika mthunzi weniweni, madzi abwino osatha m'mbale, ndi kuyendetsedwa m'mamawa kapena madzulo, pamene mchenga ndi phula sizingamuwotche kumapazi. Izi ndi nchito za tsiku lirilonse, pa Sabata ndi pa Khirisimasi pomwe, ngakhale tsiku limene mwatopa kapena mwakhumudwa. Walira mvula walira matope.

Galu Amene Sakunyengererani

Tsopano tifike pa mtima wake. Agalu ambiri amalipira mwini wake nthawi yomweyo. Mukangotsegula geti amathamanga, nalumphalumpha, napukusa mchira ngati mwachokera ku ulendo wa chaka. Shar-Pei sali wotero. Ndi wachete ndi wodzisunga, sakhulupirira alendo msanga, ndipo kawirikawiri sagwirizana ndi agalu anzake. Mukamuitana atha kukuyang'anani kaye ngati akupima ngati kubwera kuli ndi phindu. Amakonda a pabanja pake ndi kuwalonda mokhulupirika, koma chikondi chake sachionetsera pabwalo.

Munthu wosadziwa akaona zimenezi amati galuyo ndi wamwano, natenga chikoti. Ena amaphunzitsana kuti galu akhale mlonda woopsa muzimutsekera m'kabokosi masana onse, kapena kumuthirira tsabola m'chakudya. Koma galu womenyedwa saphunzira kumvera. Amaphunzira kuopa dzanja la munthu, ndipo galu wamphamvu akachita mantha amaluma. Tsiku lina dzanja limene lidzayandikira mutu wake lidzakhala la mwana wa oyandikana nawo. Njira yophunzitsira galu wotere ndi yaitali: kuyamba akali wamng'ono, kumuzoloweza anthu osiyanasiyana ndi phokoso la mumsewu, kubwereza mawu amodzimodzi kwa mphindi zochepa tsiku ndi tsiku, ndi kumupatsa kanthu kokoma akachita bwino. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Apa ndipo pali phunziro lalikulu la galu ameneyu. Pamene galu akupukusa mchira pamaso panu, nkovuta kudziwa ngati mumakonda galuyo kapena mumakonda kulandiridwa. Nonse awiri mumapatsana kanthu, ndipo malonda amayenda bwino. Koma galu amene mwamupukuta makwinya, mwamutsuka makutu, mwamugawirako ndiwo zanu, iye nangodzuka ndi kukagona pakona osakuyang'anani, amakuchotserani malipiro amenewo. Chimene chatsala ndicho chifundo chanu chenicheni, ngati chinalipo. Pa Luka 14:12-14 Ambuye Yesu analangiza munthu amene anawaitana kuphwando kuti aziitana anthu amene sangathe kumubwezera. Mawuwo ananenedwa za anthu osauka ndi olumala, koma mtima umene aufuna ndi womwewo: kuchita chabwino pamene palibe wokuombera m'manja.

Ndipo kodi ife tiri otani pamaso pa Mulungu? Pa Eksodo 32 Iye anadandaula kuti Aisrayeli anali anthu osamvera, koma anapitiriza kuwadyetsa mana m'chipululu zaka 40. Paulo pa Aroma 5:8 atikumbutsa kuti Khristu anatifera tisanaleke zoipa zathu. Ife amene tasungidwa ndi kuleza mtima kotere, kodi tidzalephera kuleza mtima ndi nyama imene siidziwa nkomwe kuti mwano nchiyani?

"Koma Ndi Galu Chabe"

Wina mwa inu adzati, "Zonsezi nzokoma kumva, koma galu ndi galu. Munthu ndiye analengedwa m'chifanizo cha Mulungu, ndipo anapatsidwa ulamuliro pa zinyama. Ngakhale Baibulo lenilenilo silinena zabwino za agalu." Mawu amenewa ali ndi choonadi ndipo sitiyenera kuwanyoza. Moyo wa galu sulingana ndi moyo wa munthu. Nzoonanso kuti m'Malemba agalu amatchulidwa kawirikawiri monga nyama zoyendayenda m'misewu ndi kudya zonyansa.

Koma tiyeni tifunse kuti ulamuliro umene tinapatsidwa pa Genesis 1:28 ndi wamtundu wanji. Mutu wotsatira uonetsa munthu ataikidwa m'munda monga wolima ndi woyang'anira. Salmo 50 linena kuti nyama zakuthengo ndi zoweta zomwe nza Mulungu. Chotero ife tiri ngati kapitao wosungitsidwa chuma cha mwini wake, amene tsiku lina adzafunsidwa mmene anachisungira. M'chilamulo cha Mose, mpumulo wa Sabata unaperekedwa kwa ng'ombe ndi bulu pamodzi ndi anthu, monga tiwerenga pa Eksodo 23:12. Pa Deuteronomo 25:4 mlimi analetsedwa kumanga pakamwa ng'ombe imene ikumupunthira tirigu. Pa Numeri 22 mngelo anafunsa Balamu chifukwa chimene anamenyera bulu wake katatu, pamene buluyo ndiye anaona ngozi imene mbuye wake sanaione. Buku la Yona limatha ndi Mulungu akutchula ziweto za ku Nineve pakati pa zifukwa zochitira chifundo mzindawo. Ndipo Miyambo 12:10 iyesa chilungamo cha munthu poyang'ana mmene asamalira chiweto chake.

Kusiyana kwathu ndi galu sikuchepetsa mangawa athu. Kumawachulukitsa. Galu sanasankhe kubadwa ndi zikope zopindika. Sanasankhe nyumba yanu. Sangatsegule mpopi, sangamasule unyolo, sangapite kwa akulu a mpingo kukadandaula. Mphamvu zonse ziri kumbali yanu, ndipo khalidwe la munthu limadziwika bwino pamene ali ndi mphamvu pa wina amene sangathe kudziteteza kapena kumuneneza. Mnyamata amene azolowera kumenya chamoyo chifukwa sichinamumvere msanga akuphunzitsa dzanja lake chizolowezi chimene adzalowa nacho m'banja. Mtsikana amene azolowera kutaya chimene chaleka kumusangalatsa akuphunzitsa mtima wake momwemonso.

Kagalu ka Livingstone

Munthu amene mzinda wathu unatengako dzina anali ndi nkhani yake ya galu. Pa ulendo wake womaliza David Livingstone anali ndi kagalu kotchedwa Chitane, kamene kankathamangitsa agalu a m'midzi kuti asabe chakudya cha apaulendo. Mu Januwale 1867, ali kumpoto kwa dziko lathu lino asanaoloke mtsinje wa Chambeshi, anafika pa dambo lalikulu lodzaza madzi lotchedwa Chimbwe. Aliyense anali kulimbana ndi madzi ndi katundu wake, ndipo panalibe amene ananyamula kagaluko. Kanasambira kufikira mphamvu zitatha, nikamira. M'buku lake la zochitika za tsiku ndi tsiku Livingstone analemba za chisoni chake, nanena kuti anaiwala kulamula kuti wina akasamalire.

Panalibe amene anamenya Chitane. Panalibe amene anakada. Kanafa chifukwa pa ola limodzi lotanganidwa panalibe amene anakakumbukira. Agalu ambiri a m'makomboni mwathu amavutika mwa njira yomweyo. Eni ake si anthu ankhanza. Amangoiwala kuti mthunzi umene unali pamene anamangirira galu m'mawa umachoka dzuwa likafika pamutu. Amapita kumaliro masiku atatu, aliyense akuganiza kuti mnzake wasiya madzi.

Inu achinyamata muli pa msinkhu wosamukasamuka. Chaka chamawa mwina mudzakhala ku koleji ku Lusaka kapena ku Kitwe. Mwina mudzapeza nchito pa hotela ina ya m'mbali mwa Zambezi, kumene mudzalowa usiku ndi kugona masana. Mwina mudzachita lendi chipinda chimene mwini nyumba salola agalu. Galu wosungidwa bwino atha kukhala zaka 10 kapena kuposa. Amene adzatsala naye ndani? Kawirikawiri ndi amayi kapena mng'ono wanu, anthu amene sanafunsidwe pamene munali kugula. Mangawa amene munatenga inu adzalipidwa ndi ena.

Nanga Ana Anjala?

Pali funso lina lolemera koposa, ndipo Mkhristu sayenera kulithawa. Mumzinda umene muli ana amasiye osowa yunifomu ndi nkhalamba zogona ndi njala, kodi nkoyenera kutaya ndalama pa opaleshoni ya maso a galu? Kodi si kulanda chakudya cha ana ndi kuchiponyera agalu?

Funsoli liri ndi nthawi yake yoyenera kufunsidwa, ndiyo musanagule. Pa Luka 14:28 Ambuye anaphunzitsa kuti wofuna kumanga nsanja ayambe wakhala pansi ndi kuwerengera mtengo wake. Werengerani chakudya cha zaka zonsezo, katemera, mankhwala a nkhupakupa ndi njoka za m'mimba, ndi ndalama za dokotala wa ziweto. Kenaka yang'anani anthu amene adalira inu. Kwa ambiri a ife yankho loona mtima lidzakhala lakuti galu wotere sitingamukwanitse popanda kumana munthu wina. Kusagula si tchimo, ndipo palibe Mkhristu amene adzafunsidwa chifukwa chimene analibe galu wakunja. Koma munthu amene wagula kale sangabisale kumbuyo kwa ana anjala pamene galu wake akuwola makutu. Mwana wanjala sapindula kanthu ndi kuvutika kwa galu wanu.

Kumbukiraninso kuti ndalama zanu zimalankhula. Nthawi iliyonse munthu akasankha kagalu ka makwinya ochuluka koposa, akuuza woweta kuti abereketse ena otero. Ngati mwatsimikiza mtima kuweta mtundu umenewu ndipo mungathe, sankhani ka makwinya ochepa, ka maso otseguka ndi owala. Pemphani kuona mayi wake ndi malo amene tiagaluto tikukhala. Wogulitsa amene akana kukuonetsani zimenezi ali ndi chimene akubisa.

Ndipo musanyoze galu wathu wa kumudzi, amene akatswiri a kumwera kwa Africa amamutcha Africanis. Makolo ake akhala pamodzi ndi makolo athu zaka mazana ambiri pa dzuwa lomweli. Palibe amene anamupinda khungu kuti agulitsike. Ali ndi mphuno yaitali yopumira bwino, maso otseguka ndi ubweya waufupi, ndipo amalonda pakhomo mokhulupirika. Chodabwitsa nchakuti galu wogulidwa ndi ndalama zambiri timamugulira mbale, pamene uyu amene tinangopatsidwa timamuponyera mkute pa fumbi ndi kumugenda akayandikira. Kodi njala ya galu waulere imapweteka pang'ono? Ngati chifundo chathu chitsata mtengo wogulira, ndiye kuti tikusamala ndalama zathu, osati chamoyo.

Mangawa kwa Mnansi

Mwini galu ali ndi mangawa ena, kwa anthu okhala naye pafupi. Pa Eksodo 21:28-29 chilamulo chinaika mlandu waukulu pa munthu amene anadziwa kuti ng'ombe yake imagunda anthu koma osaitsekera. Lero ngozi yaikulu ya agalu ndi matenda a chiwewe. Bungwe la World Health Organization liyerekeza kuti chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chirichonse, ambiri a iwo mu Africa ndi Asia. Pafupifupi onsewo amatenga matendawa kwa agalu, ndipo anthu 40 mwa 100 alionse amene amafa ndi ana osafika zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka, munthu sachira.

Komatu imfa zimenezi nzopeweka. Katemera woyamba anayesedwa pa munthu mu 1885, pamene Louis Pasteur wa ku France anapulumutsa mnyamata wa zaka 9 amene analumidwa ndi galu. Akatswiri anena kuti agalu 70 mwa 100 alionse a m'dera akabayidwa katemera, matendawa amaleka kufalikira. Nchifukwa chake dziko lonse limakumbukira za chiwewe pa 28 Seputembala. Kuno ku Zambia lamulo la Control of Dogs Act, mutu 247 wa malamulo a dziko, ndilo liyang'anira kasungidwe ka agalu, ndipo mwini galu ayenera kumulembetsa ku khonsolo ndi kumubayitsa katemera. Galu wosabayidwa woyendayenda mumsewu ndi ngozi kwa mwana wopita kusukulu, ndipo iye mwini ali pangozi ya kuphedwa pamene akuluakulu a boma ayamba kuchotsa agalu osokera.

Sungani ichi m'mutu, mwina tsiku lina chidzapulumutsa moyo: munthu akalumidwa kapena kukandidwa ndi galu, tsukani chilondacho ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Musadikire kuona ngati galuyo adwale. Musamatepo mankhwala a zitsamba. Ngati galuyo ndi wanu, tulutsani chikalata chake cha katemera, ndipo musabise choonadi poopa kulipira. Kukonda mnansi kumafika mpaka pamenepo.

Yankho Lake

Tsono tibwerere ku funso lathu. Njinga mukaisiya pa dzuwa siimva ludzu. Wailesi mukaitaya siilira. Chamoyo chimamva, ndipo chifukwa chakuti chimamva, ndalama zimene munalipira zinakugulirani udindo. Shar-Pei atikumbutsa kuti zokhumba za maso athu zitha kulemba matenda m'thupi la cholengedwa china. Atikumbutsanso kuti chisamaliro sichigula kumvera, ndi kuti tiyenera kuchipereka ngakhale sitikuthokozedwa. Pa Luka 16:10 Ambuye anagwirizanitsa kukhulupirika m'zinthu zazing'ono ndi kukhulupirika m'zazikulu. Ambiri a inu mudzapatsidwa ana, odwala, ophunzira ndi anchito oti muwayang'anire, ndipo ena mwa iwo adzakhala ouma mutu ndi osayamika. Mbale ya madzi ya galu ndi sukulu yabwino yoyambirapo.

Mukabwerera kunyumba lero, pitani kumene kuli galu wa pakhomo panu. Yang'anani m'mbale mwake. Yang'anani m'makutu ndi pakati pa zala zake. Onani ngati unyolo wamutupula pakhosi, ndi ngati pali mthunzi pamene iye afika. Funsani makolo kuti anabayidwa liti katemera. Ngati mulibe galu, thandizani agogo a mumpingo amene ali naye koma sangathe kupita naye kwa dokotala wa ziweto. Mulungu amene saiwala ngakhale mpheta akupatseni mtima wokumbukira zolengedwa zimene anaziika m'manja mwanu.

Mafunso Okambirana Pagulu

1. Werengani Genesis 1:28 pamodzi ndi Genesis 2:15. Kodi kulamulira ndi kuyang'anira zisiyana bwanji pa nkhani ya ziweto?

2. Kodi munthu amene agula kagalu ka makwinya ochuluka akudziwa za matenda ake ali ndi gawo pa kuvutika kwa agalu amene adzabadwe pambuyo pake? Fotokozani maganizo anu.

3. Banja liri ndi ndalama zochepa, ndipo galu wawo wadwala pamene mwana afuna nsapato za kusukulu. Achite chiyani tsopano? Nanga akadachita chiyani poyamba?

4. Tchulani anthu amene mumawatumikira koma sakuthokozani. Nchiyani chimene chimakulimbitsani kupitiriza?

5. Kodi gulu lanu lingachite chiyani pofika pa 28 Seputembala kuti agalu a m'dera la mpingo wanu abayidwe katemera?